Ulendo wathu wa ku London wokaona mbale zakale za ku China ndi ku Japan

Gulu lathu ndi la Amalawi okhala ku Leicester ndi m'matauni oyandikana nawo, ndipo chimene chimatisonkhanitsa ndi kukonda zinthu zakale. Ena amatolera masitampa, ena ndalama zachitsulo, koma ambiri tinakopeka ndi mbale, mitsuko ndi timakapu ta ku China ndi ku Japan, zomwe kuno zimapezeka m'mashopu a kaunjika ndi m'misika ya Lamlungu. Pa msonkhano wina tinagwirizana kuti munthu sangazindikire chabodza ngati chenicheni sanachionepo ndi maso ake. Tinasonkha ndalama, ndipo Lachisanu lina m'mawa tinakwera sitima ya ku London.

Titatsika pa St Pancras tinayenda wapansi mpaka ku British Museum, komwe kulowa n'kwaulere. Sitinataye nthawi ndi zipinda zina, tinalunjika ku chipinda 95. M'menemo muli katundu wa Sir Percival David, munthu wolemera wobadwira ku Bombay mu 1892, amene anatha moyo wake akusonkhanitsa mbale zadothi za ku China mpaka zinakwana pafupifupi 1,700. Iyeyu sankangogula chilichonse chokongola. Anaphunzira kuwerenga Chitchaina, ndipo ankafunafuna makamaka zinthu zolembedwa chaka kapena dzina, zoti munthu angathe kutsata kumene zinachokera. Katunduyu wakhala akuonetsedwa m'chipindachi kuyambira 2009, ndipo mu 2024 omuyang'anira anamupereka ku nyumbayi kotheratu. Mtengo wake unayerekezedwa kufika mapaundi 1 biliyoni.

Tinayambira pa mitsuko iwiri yotchuka, imene imadziwika ndi dzina la David yemweyo. Ndi yaitali masentimita oposa pang'ono 60, yoyera, yojambulidwa ndi utoto wabuluu. Ukaiyang'ana patali umangoona chinjoka chachikulu chitazungulira mimba ya mtsuko. Ukasendera pafupi ndi galasi, m'pamene umaona kuti chikhadabo chilichonse cha chinjokacho chinalembedwa ndi burashi kamodzi kokha, popanda kubwereza, ndipo pamene wojambula anatsindika dzanja utoto unada bii, pamene anapeputsa unangotuwa. Zogwirira zake ndi mitu ya njovu yotsitsa chitamba. Pakhosi pali mizere ya malemba yonena kuti munthu wina dzina lake Zhang Wenjin anapereka mitsukoyi ku kachisi mu 1351, popempha kuti banja lake litetezedwe.

Chakacho ndicho chuma chenicheni cha mitsukoyi. Kale akatswiri ambiri ankaganiza kuti mbale zabuluu ndi zoyera zopangidwa mwaluso chotere zinayamba mu ufumu wa Ming. Koma 1351 ndi nthawi ya ufumu wa Yuan, Amongolia akulamulira China, ufumu wa Ming usanayambe. M'zaka za m'ma 1950 katswiri wa ku America, John Alexander Pope, anaitenga ngati muyeso, n'kuyamba kufananiza nayo mbale zina zosungidwa ku Iran ndi ku Istanbul, ndipo zambiri zinapeza zaka zake zenizeni. Mitsukoyi inali itasiyana, wina kwa mwini uyu, wina kwa uyo. David anaigula padera n'kuibwezera pamodzi mu 1935. Kwa ine ntchito ya wosonkhanitsa zakale ndi imeneyi, ndipo imaposa kungodzaza kabati.

Pamene tinatsutsana kwambiri ndi pa mbale za mtundu wa Ru. Zilibe chojambula chilichonse. Mtundu wake uli pakati pa buluu wotuwa ndi wobiriwira, ndipo pamwamba pake pali timing'alu tosaoneka bwino tili ngwee ponseponse. Zinaumbidwa m'chigawo cha Henan cha m'ma 1100, za kunyumba ya mfumu yokha, kwa zaka zochepa, ndipo zotsala padziko lonse sizikwana 100. Bambo wina wa m'gulu lathu, yemwe ndi kalipentala, anapukusa mutu. "Amayi, kambale aka mutakapeza pamsika mungakatole? Ine ayi." Mayi amene amatitsogolera, wochokera ku Dedza, anangoti, "Bambo, kuona maso a nkhono n'kudekha. Taimani kaye pomwepo." Anaimadi nthawi ndithu, kenako anatiitana kuti tidzaone kunsi kwa imodzi, komwe kuli timadontho tating'ono ngati nthanga za chitowe, pamene panakhudza tozikhazikapo m'ng'anjo. Kunsi kwa zina kunazokotedwa ndakatulo za mfumu Qianlong, yemwe analamulira kuyambira 1736 mpaka 1795. Nayenso anali wosonkhanitsa zakale, ndipo pa nthawi yake mbalezi zinali zitatha kale zaka zoposa 600.

Tinaonanso kakapu ka nkhuku ka nthawi ya mfumu Chenghua, wa zaka za 1465 mpaka 1487. Kukula kwake n'kokwana m'chikhatho, ndipo panajambulidwa tambala, thadzi ndi anapiye akutolatola. Kena konga komweka kanagulidwa pa okushoni ku Hong Kong mu 2014 ndi Liu Yiqian pa madola a ku America pafupifupi 36 miliyoni. Apa mtsogoleri wathu anatipatsa phunziro limene linakhudza aliyense amene ali ndi mbale kunyumba. Kunsi kwa mbale zambiri za ku China kumakhala zilembo zisanu ndi chimodzi zotchula ufumu ndi dzina la mfumu. Zilembozo si umboni. Oumba a nthawi ya mfumu Kangxi, kuyambira 1662 mpaka 1722, ankalemba dzina la Chenghua pa ntchito zawo polemekeza luso la makolo, a ku Japan nawonso ankakopera zilembo za ku China, ndipo mafakitale a lero akulembabe. Choncho chidindo chimayang'anidwa pomaliza. Poyamba munthu amaona dothi lenilenilo pa mkombero wa kunsi pamene sipanamatidwe zonyezimira, kulemera kwake, mtundu wa utoto, ndi kayendedwe ka dzanja la wojambula.

Masana tinakwera sitima ya pansi pa nthaka kupita ku South Kensington, ku Victoria and Albert Museum. Uku n'kumene kalipentala wathu anasangalala. Mipando ndi matebulo a nthawi ya Ming, a mtengo wa huanghuali, analumikizidwa popanda misomali, thabwa kulowa m'linzake basi. Anagwada pansi kusuzumira kunsi kwa tebulo lina, n'kutiuza kuti amisiriwo ankadziwa kuti mtengo umafufuma ndi chinyezi n'kunyala kukauma, ndiye thabwa lapamwamba ankalilowetsa m'ngalande momasuka kuti lisang'ambike. Tinachita kumukoka kuti tipitirire.

M'chipinda cha zinthu za ku Japan muli bokosi lotchedwa Mazarin Chest, la cha m'ma 1640, lopangidwira ogula a ku Ulaya. Ndi lakuda lonyezimira, lodzaza ndi zithunzi za nyumba zachifumu, minda ndi milatho. Kunyezimirako kumachokera ku utomoni wa mtengo wa urushi, womwe amaupaka mopyapyala, kuudikira uume m'malo a chinyezi, kuukwecha, n'kupakanso, kambirimbiri. Zithunzizo amazipanga powaza fumbi la golide pa utomoni usanaume. Bokosili lili ndi linzake lalikulupo lomwe linasowa kwa zaka zambiri. Linapezeka mu 2013 m'nyumba ya banja lina ku France, komwe eni ake sankadziwa n'komwe chimene ali nacho, ndipo Rijksmuseum, nyumba yosungira zakale ya ku Amsterdam, inaligula pa mayuro oposa 7 miliyoni. Nkhani zoterezi n'zimene zimadzutsa anthu m'mamawa kuthamangira kumsika, koma zimachitika mwa kamodzikamodzi kwambiri, ndipo ndikuona kuti zalowetsa anthu ambiri m'ngongole kuposa amene zawalemeretsa.

Mbale zadothi loyera za ku Japan zili ndi mbiri yaifupi poyerekeza ndi za ku China. Zinayamba kuumbidwa ku Arita kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, ndi amisiri ochokera ku Korea, atapeza mwala woyenera pa phiri la Izumiyama. Ufumu wa Ming utagwa mu 1644 ku China kunali nkhondo, mbale za ku Jingdezhen, tauni ya oumba mbale ya m'dzikolo, zinasiya kufika kunja, ndipo amalonda achidatchi anatembenukira ku Arita. Katunduyo ankakwezedwa m'zombo padoko la Imari, n'chifukwa chake mbale zabuluu, zofiira ndi zagolide zija zimadziwika ndi dzina la dokolo. Ine ndinakonda za mtundu wa Kakiemon, zoyera ngati mkaka, zokhala ndi kanthambi ka maluwa ndi mbalame ziwiri kumbali imodzi, kwinako n'kusiya poyera.

Loweruka tinalawirira ku msika wa Portobello Road, komwe munthu amaloledwa kugwira. M'nyumba zosungira zakale zonse zili kuseri kwa galasi, koma pano tinanyamula, kutembenuza, kuwalitsa ndi tochi ya pafoni. Mbale yadothi loyera lenileni, yowotchedwa pa moto wa madigiri pafupifupi 1,300, imalola kuwala kudutsa ikakhala yopyapyala. Ukaigogoda ndi chala imalira kuti ngwiii, yang'alu imangoti phwa, monga momwe amayi amayesera mphika asanaugule pamsika. Wogulitsa wina wachikulire anatibwereka galasi lake lokuzira zinthu n'kutionetsa mbale ziwiri zofanana. Pa imodzi mizere inali yosiyana makulidwe, chizindikiro cha burashi. Pa inayo chithunzi chinali cha timadontho tondondozana, chodindidwa ndi makina. Anatikumbutsanso kuti mbale yolembedwa dzina la dziko m'Chingerezi kunsi kwake singakhale yakale kuposa zaka za m'ma 1890, pamene America inalamula kuti katundu wolowa m'dzikomo azilembedwa kumene wachokera.

Ogula anali ochepa. Mayi wina anatenga kambale kakang'ono kokhala ndi kapepala kosonyeza kuti kanachokera m'chombo cha Geldermalsen, chomwe chinamira mu 1752, ndipo katundu wake anagulitsidwa pa okushoni ku Amsterdam mu 1986. Mbale za m'chombochi zinali zoposa 150,000, motero mtengo wake ndi wofikirika, koma mbiri yake ndi yodziwika kuyambira tsiku lomwe zinamira. Mnyamata wina anafunsa za netsuke, tizosema ting'onoting'ono tomwe amuna a ku Japan ankakolowekera zikwama palamba. Anamuonetsa ta mtengo tokha. Kuyambira June 2022 lamulo la Britain limaletsa kugula ndi kugulitsa zinthu za minyanga ya njovu, kupatula zochepa zokhala ndi chilolezo. Palibe mwa ife amene anadandaula, popeza tikudziwa mmene opha nyama mozemba anachepetsera njovu ku Kasungu.

M'sitima pobwerera, mtsogoleri wathu anatiuza zimene ambiri sitinkazidziwa. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, komwe kunali likulu la Amaravi, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapeza mapale a mbale za ku China pamodzi ndi mikanda yagalasi, zinthu za mkuwa ndi zidutswa za minyanga yosemedwa. Ndiye kuti zaka mazana angapo zapitazo, mbale zoumbidwa ku China zinkawoloka nyanja, kufika kugombe la kum'mawa kwa Africa, n'kuyenda pamitu ya anthu mpaka kubwalo la Kalonga, minyanga ikulowera kumene mbalezo zachokera. Mapale amenewo pa okushoni sangagulidwe ndalama yooneka. Koma amadziwika dothi limene anatulukamo ndi zinthu zomwe anagona nazo limodzi, ndipo chifukwa cha chimenecho amanena zambiri kuposa mtsuko wathunthu wosadziwika kwawo. Zinandikhudza kuti tinapita kutali kukaona za anthu ena, osadziwa kuti makolo athu anazigwirapo.

Tisanafike ku Leicester tinamanga mfundo ziwiri. Membala aliyense akhale ndi kope lolembamo chinthu chilichonse chimene ali nacho: kumene anachigula, tsiku, mtengo, zimene wogulitsa ananena, ndi chithunzi cha kunsi kwake. Ndipo ulendo wotsatira ukhale wa ku Burghley House, pafupi ndi Stamford, komwe kuli mbale za ku Japan zimene zinalembedwa m'kaundula wa nyumbayo mu 1688 ndipo zikadali komweko. Msungichuma ayamba kulandira zopereka za ulendowu pa msonkhano wa mwezi wamawa, ndipo amene ali ndi galimoto apereke mayina kwa mlembi.