"Adduce" ndi mawu a m'khoti

Pa ntchito yanga yotanthauzira milandu kukhoti la majisitireti, mawu achingelezi amene ndimawamva pafupifupi tsiku lililonse ndi "adduce". Loya akaimirira n'kunena kuti "the State has failed to adduce sufficient evidence", ine ndimatembenukira kwa woimbidwa mlandu n'kumuuza kuti, "Bambo, akuti boma silinabweretse umboni wokwanira." Pomwepo mumaona munthu mtima wake ukukhala pansi.

Mawuwa anachokera ku Chilatini, adducere, kutanthauza kutsogolera chinthu mpaka kufika nacho pamalo. Ndiye umboniwo uyenera kufikadi pamaso pa khoti: mboni ilumbire, chikwanje chija chiikidwe patebulo, lipoti la dokotala liwerengedwe. Kungonena pakamwa kuti uje anaba mbuzi, kumeneko ndi "allege". Ena amasokonezanso ndi "deduce", pomwe imeneyo ndi ntchito ya woweruza, akamaunika zomwe wamva n'kufika pa mfundo yake.

M'chikalata cha kukhoti kapena m'pepala la kafukufuku, mawuwa amakhala pamalo pake. Koma anyamata ongotuluka kumene ku yunivesite amandiseketsa. Mphwanga analemba kalata yopempha tchuthi kuntchito, n'kuikamo kuti akufuna "to adduce reasons" zoti apite kumaliro a agogo ku Ntcheu. Galamala yake inali yolondola, sindikukana, koma abwana ake akanangoti mnyamatayu akudzionetsera sukulu pa nkhani ya maliro. Ndinamuuza kuti, "Iwe, fufuta zimenezo, lemba 'give reasons' basi, minibasi ikusiya."