Zikomo abale anga a ku Mulanje, sukulu ija yatha

Abale anga, nkhani ya sukulu ija yatha. Aphunzitsi oyesa avomereza kafukufuku wanga, ndipo digiri yachiwiri ya biostatistics, masamu owerengera za matenda ndi umoyo wa anthu, ndaimaliza ku University of Malawi ku Zomba. Pachikuto cha bukulo pali dzina langa lokha. M'kati muli tsamba lothokoza, koma lili m'Chingerezi, ndipo bukulo likakhala pa shelefu mu laibulale momwe ambiri mwa inu amene munandithandiza simudzapondamo. Ndiye ndati ndithokoze pano poyera kuti aliyense adzimvere yekha.

Funso langa linali limodzi: mwana wosakwana zaka 5 akatentha thupi kuno kwathu, pamapita nthawi yaitali bwanji kuti aonedwe ndi wachipatala, nanga chimachedwetsa n'chiyani? A zaumoyo amati pasadutse maola 24 asanayezedwe magazi a pachala, chifukwa malungo a mwana sachedwa kukula. M'mawa akusewera, usiku wayamba kukomoka. Akapezeka nawo msanga, mankhwala a malungo a LA amagwira bwino ntchito.

Oyamba ndinu amayi amene munatiyankha mafunso. Tinafika m'midzi mwanu patangopita miyezi yochepa chidutsireni namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023. Ena munali mutangochoka kumene m'misasa ya pasukulu, mukugona m'nyumba yoti khoma lina ndi la zidina, lina ndi pepala lapulasitiki. Minda ina ya m'mbali mwa Ruo inali mchenga ndi miyala yokhayokha. Masiku amenewo mlendo wobwera ndi kope kapena tabuleti ankadziwika ntchito yake: akulemba mayina a thandizo. Ife tinalibe ufa, tinalibe bulangete, ngakhale sopo amene. Tisanafunse chilichonse tinkayamba tawerenga chikalata chopempha chilolezo chanu, monga komiti yoteteza anthu pa kafukufuku imalamulira, ndipo m'chikalatamo muli mawu olemera kuwatchula pamaso pa munthu amene wagona ndi njala: palibe chomwe mulandire, ndipo muli ndi ufulu wokana. Nkhope zinkagwa ndikuona. Komabe munkayala mkeka, kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kabuku ka kusikelo ka mwana, kena kofufuma ndi madzi, masamba atamatirirana, inki itayenderera. Mayi wina anali atakayanika padzuwa tsamba ndi tsamba, atatsindira ndi timiyala, ndipo madeti onse ankawerengeka bwinobwino. Munkadinda chala, n'kutiuza zonse, za usiku womwe thupi linayamba kutentha, za amene anapita kukabwereka ndalama. Ena munakana. Inunso zikomo, chifukwa ndinadziwa kuti zomwe tawerenga zija zamveka.

A gulupu ndi mafumu, tinakokanakokana pang'ono, ndipo ndikuthokoza kuti simunatipirikitse. Mwa ulemu wanu munkafuna kutisankhira makomo: awa ndi ochezeka, awa ali kufupi ndi msewu, awa ndiye avutika zedi. Ife tinkaumirira kuti makomo asankhidwe ndi maere a pakompyuta kuchokera pa mndandanda wa mudzi wonse, ndipo zinkaoneka ngati mwano wa ana a sukulu. Inatipulumutsa ndi mfumu ina yachikulire yomwe inauza anzake kuti wogula chimanga sakhutira ndi chapamwamba pa thumba, amabaya pakati ndi pansi pomwe kuti aone ngati muli anankafumbwe. Ine ndi masamu anga onsewa sindikanafotokoza momveka chotero. Kuyambira pamenepo, maere akagwera nyumba ya kuseri kwa chitunda, munkatipatsa mnyamata wotilondolera. A National Statistical Office pa kalembera wa 2018 anawerenga munthu aliyense, oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, oposa 680,000 m'boma la Mulanje lokha. Mwana wa sukulu sangafike khomo lililonse chotero. Chake ndi maere osakondera basi.

Alangizi a zaumoyo, kwa inu mawu akundichepera. Mndandanda wa makomo unachokera m'makaundula anu. Mumadziwa mwana amene anabadwa mwezi watha, banja lomwe linasamukira kwa achibale ku Muloza, ndi khomo lomwe lili ndi galu woluma. Tinkakupezani mukuchititsa kiliniki ya m'mudzi pansi pa mtengo wa mango, mukamaliza n'kuyenda nafe osadya. M'mabuku ambiri a kafukufuku mayina anu sapezekamo, ndipo ine sindiona chilungamo pamenepo.

Mnzanga wa uinjiniya, amene unaphunzira ku MUST ku Ndata kwa anansi athu a ku Thyolo, iwe unasintha kafukufuku yense. Ambiri poyeza mtunda amangojambula mzere woongoka pamapu kuchokera pakhomo kufika pachipatala. Iwe unati mayi wobereka mwana sauluka. Unatenga GPS, kachipangizo kosonyeza pamapu malo omwe munthu ali, n'kuyenda njira zenizeni, kulemba pomwe pali mlatho, pomwe unakokoloka, ndi pomwe anthu amaoloka Lichenya kapena Likhubula atapinda zovala. Ife akuno timadziwa kuti mvula ikagwa kuphiri, kumunsi kuno dzuwa likuswa mtengo, mtsinje umadzaza modzidzimutsa, ndipo chipatala chomwe malata ake ukuwaona tsidya linalo chimasanduka chakutali. N'chifukwa chake m'masamu athu khomo lililonse linakhala ndi mitunda iwiri, wa chilimwe ndi wa dzinja.

Achemwali a zachuma munaonjezera mafunso awiri omwe anatsegula pakamwa pa anthu: kabaza ndi zingati kupita ndi kubwera, nanga tsiku la ganyu kapena lothyola tiyi likatayika pamzere wa kuchipatala, pakhomo padyedwa chiyani? Adokotala a ana, zikomo potikumbutsa kuti si mwana aliyense wotentha thupi amene ali ndi malungo, ena chimakhala chibayo.

Aphunzitsi anga ondiyang'anira, cholembera chanu chofiira chija ndachilotapo. Chomwe sindidzaiwala ndi nkhani ya ana amene sanafike n'komwe kuchipatala. Ena anachira ndi panado wa pagolosale, ena anapita nawo kwa asing'anga, ena tinawapeza akadali chigonere, ndipo amenewo tinkaitanira mlangizi pompopompo. Pa mndandanda wa manambala, malo awo olembapo nthawi yofikira kuchipatala anali opanda kanthu, ndipo njira yachidule ndi kungowafufuta. Inu munati ukawafufuta utsala ndi okhawo amene anafika, ndipo zinthu zioneka zokoma monama. Munandikhazika pansi pa njira ya Kaplan ndi Meier ya 1958, yomwe imamusunga munthu m'chiwerengero mpaka tsiku lomaliza kumuona ngakhale chomwe ukudikira chisanachitike, kenako ya Cox ya 1972, yomwe imalola kuyeza mtunda, mtsinje ndi ndalama pamodzi n'kuona mphamvu ya chilichonse pachokha. Ndinatuluka thukuta, koma palibe mwana amene anatayika m'masamumo.

Amayi anga, ndalama za nanazi ndi mapeyala za pa Chitakale zinathera ku fizi ndi mabandulo a intaneti, ndipo simunandifunsepo kuti sukuluyi idzatha liti, ngakhale anzanu a kutchalitchi ankakufunsani za ukwati wanga. Amalume, njinga yanu ija ndibweza, matayala ndasintha kale. Achimwene a kabaza a pa Limbuli amene munkandidikira m'chiperoni osakweza mtengo, ndi bambo a pagolosale amene munkandichajira laputopu pa sola magetsi akathima, Mulungu akudalitseni.

Chatsala ndi ngongole. Pa mkeka uliwonse ndinalonjeza kuti zomwe tapeza sizikathera ku Zomba, ndipo manambala sindiwalemba pano eni ake asanawamve. Ndikuwaika m'Chichewa pa tsamba limodzi, ndi zojambula zoti ngakhale agogo atsatire. Ndiyambira ku ofesi ya zaumoyo paboma, kenako mudzi ndi mudzi monga tinayendera. A gulupu, mundisankhire masiku omwe si a msika, ndipo tichite zimenezi mvula isanayambe. Alangizi, nambala yanga ndi yomwe ija.