Makina akuti ndilandira zingati?

Azakhali anga ndiwo msungichuma wa banki m'khonde kwathu ku Chinamwali, ndipo ndidawalonjeza kuti chaka chino masamu ogawana ndalama achitika ndi makina. Makinawo ndi TI-83 Plus, kakyuleta ya Texas Instruments ya mu 1999, yomwe ndidaitola pakaunjika mumsika wa Zomba.

Kulemba pulogalamu pa chinthu chimenechi kumafuna kuugwira mtima. Chilankhulo chake ndi TI-BASIC. Mawu ngati If ndi Disp sulemba wekha, umachita kukawasaka podina PRGM. Sikirini imaonetsa mizere 8 yokha, zilembo 16 pamzere, ndipo nambala iliyonse yosunga umaitcha chilembo chimodzi basi. Masheya adali S, ngongole N, chiwongoladzanja C. Chindapusa cha obwera mochedwa chidapeza C atatengedwa kale, ndiye ndidangochitcha Z.

Mnzanga wa ku Matawale, yemwe amalemba mapulogalamu m'chilankhulo cha Python pafoni, ankandiseka. Ine ndinkamuyankha kuti foni yake magetsi akathima imagona ndi njala, pomwe yanga ikadya mabatire 4 a AAA imakhuta kwa miyezi.

Koma pulogalamu yoti igwire ntchito imakhala mu RAM, malo osungira zinthu omwe amafufutika mphamvu ya batire ikangotheratu. Ukachotsa mabatire akuluwo, imatsala m'manja mwa kabatire kozungulira kobisika kumbuyo, ndipo kangako kadali katafa kalekale mwakachetechete.

Tsiku logawana lidafika. Amayi adayala mikeka pansi pa mango, ndalama zili m'beseni, maso onse pa ine. Ndidina ON. Zii! Kutsegula kumbuyo, mulibe kanthu. Apo malume akutuluka m'nyumba, rimoti ili m'manja.

"Aa, mphwanga, ndinabwereka dzulo. Bullets imasewera ndi Wanderers, ukanafuna ndiphonye? Eko."

Ndidaika mabatirewo manja akunjenjemera. Sikirini idayaka bwinobwino ndi mawu awiri: RAM cleared. S, N, C, ngakhale Z wosalakwa uja, onse atapita.

"Mwanawe, makina akuti ndilandira zingati?" adafunsa agogo ena.

"Akuti tidikire kaye, agogo."

Azakhali sadanene kanthu. Adatulutsa kope lawo lopindika ndi bolopeni, nayamba kuitana maina. Ine ndidapatsidwa udindo wothamangitsa nkhuku kuti zisayandikire beseni.

Anthu akumwazikana, malume adandikodola.

"Mabatire akowa ngamphamvu zedi. Ukamaliza ubweze, Lamulungu kuli gemu ina."