Ankatiletsa kuseka pojambula nthabwala

Teremu ino ku kosi yathu yojambula ndi kulumikiza kanema tafika pa gawo la nthabwala, ndipo anzanga ambiri akudandaula kuti ndi lowawa kuposa la nkhani ngakhale la maukwati. Sakunama. Vidiyo ya ukwati ukachedwa kudula palibe amakufunsa, bola mkwatibwi aoneke bwino ndipo anamfedwa a perekaniperekani adzione akuponya ndalama. Nthabwala ukaichedwetsa ndi theka la sekondi basi yafa, ukaifulumizitsa yafanso.

Aphunzitsi anatipatsa zithunzi zosadula za kasewero kakafupi, mnyamata akuzemba landilodi pa nkhani ya lendi, n'kuti aliyense alumikize payekha. Zithunzi zomwezo, mawu omwewo. Koma poonetsa m'kalasi, ntchito za ena zinatigwetsa ndi phwete, za ena tinangoyang'anana n'kumva fani ikuzungulira kudenga. Ine gawoli landikomera, ndipo chifukwa chake si nzeru ayi. Ndinakulira ku Kawale nthawi imene azisudzo ankajambulira m'makomo mwa anthu, ndipo ndinali m'gulu la ana osamva aja amene akangoona kamera sukulu yathera pomwepo.

Amene anabadwa TV ili kale pabalaza sangamvetse chidwi chathu. Nthawi yonse ya ulamuliro wa Kamuzu Banda dziko lino linalibe wailesi ya kanema yakeyake. Television Malawi inayamba kuulutsa pa 1 Epulo 1999, a Bakili Muluzi ali pampando, ndipo likulu lake linali ku Kwacha mumzinda wa Blantyre. Izi zisanachitike nthabwala anthu ankazimvera pa MBC ndi pa makaseti, kapena kukaonera pa siteji. Izeki ndi Jakobo, omwe anali a John Nyanga ndi a Eric Mabedi a gulu la Kwathu, ambirife tinawadziwa mawu tisanawaone nkhope. Onse awiri anatisiya, a Nyanga mu 2016 ndipo a Mabedi mu 2021. Kanema atabwera tinkadzazana pawindo la nyumba ya eni TV kuonera Tikuferanji, mawa lake kusukulu aliyense n'kumayenda ngati Manganya. Ukanatiuza nthawi imeneyo kuti a Michael Usi, omwe ankasewera Manganya, adzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, tikanati nawenso wayamba zisudzo.

Poti zambiri zinkachitikira ku Blantyre, kamera ikaoneka kwathu kuno inali nkhani ya dera lonse. Panali gulu lina la konkuno ku Lilongwe lomwe linkabwereka bwalo la nyumba ya mayi ena oyandikana nafe. Linkaikonda nyumbayo chifukwa inali ndi khonde lalikulu, mtengo wa mango, ndi mpanda wa njerwa wotchinga mphepo. Situdiyo analibe. Kamera inali imodzi, ya timatepi ta MiniDV totenga mphindi 60. Maikolofoni ankaimangirira ku nsungwi ndi mphira wa chubu cha njinga, mnyamata wina n'kuinyamula m'mwamba mpaka mikono kunjenjemera. Pofuna kuwalitsa nkhope ya munthu amene wakhala pamthunzi ankagwiritsa katoni yomatidwa pepala lonyezimira.

Ife malo athu anali pamulu wa njerwa pakona ya mpanda. Asanayambe, mkulu wotsogolera ankatembenuka n'kutiloza chala. "Ana inu, amene aseke atuluka. Mwamva?" Tonse: "Eee, ankolo." Ndiye tangoganizani. Pamaso pako pali munthu wamkulu, wavala jekete yothina ndi nsapato zosiyana, akuchita ngati malume oledzera amene abwera kudzaweruza mlandu wa banja koma aiwala kuti wolakwa ndani, iwe akuti ukhale zii. Tinkaluma makolala a malaya. Mtsikana wina ankathawira kuseri kwa bafa kukasekera kumeneko, koma wa mahedifoni ankakweza dzanja: "Zamveka. Tibwereze."

Kubwerezako ndiye kunali sukulu yanga yoyamba, ngakhale sindinkadziwa kuti ndikuphunzira. Ukakhala ndi kamera imodzi, chochitika chimodzi umachijambula kangapo: koyamba uli patali kuti onse aoneke, kenako pafupi ndi nkhope ya uyu, kenako ya uyo. Vuto linali lakuti azisudzowo anali anthu a pa siteji, ozolowera kungogwirizana mutu wa nkhani, mawu n'kumabwera okha pomwepo. Kubwereza kulikonse malume aja ankanena zina, nthawi zambiri zoseketsa kuposa zoyamba, wotsogolera n'kugwira kumutu. "Madala, nenani zomwe munanena zija." Iwo: "Ndinati chiyani kodi?" Panali mayi wina wokhala ndi kope pamwendo, ntchito yake kulemba kuti chikho chinali kudzanja liti, chipewa chinapendekera mbali iti, mawu omaliza anali otani. Ife tinkamuona ngati wongobwera kudzakhala. Lero ndikakhala pa kompyuta, chikho chili kumanja pa chithunzi ichi n'kupezeka kumanzere pa chotsatira, ndimawakumbuka mayi aja ndi ulemu wonse.

Wa kamera naye anali ndi miyambo yake imene inkatidabwitsa. Asanajambule ankauza wina agwire pepala loyera patsogolo pa kamera, n'kudina kabatani. Kenako ankajambula mzere pafumbi ndi chidendene, kudutsa pakati pa azisudzo awiri, ndipo tsiku lonse kamera sinkaoloka mzerewo. Ena mwa ife ankanong'ona kuti n'zamankhwala. Pepala lija linali lophunzitsa kamera mtundu woyera pa kuwala kwa nthawi imeneyo, kuti nkhope zisatuluke zobiriwira kapena zofiirira. Mzere uja ndi lamulo la madigiri 180 lomwe tinalemba mayeso mwezi wathawu: ukauoloka, anthu awiri oyang'anana amaoneka pa sikirini ngati onse akuyang'ana mbali imodzi, woonera n'kusokonezeka kuti akulankhula ndi ndani.

Mdani wamkulu anali phokoso. Chapafupi panali chigayo, ndiye chikangolira onse ankakhala pansi kudikira. Nthawi zina ankatuma mmodzi wa ife kukafunsa kuti matumba atsala angati. Chigayo chikaleka, tambala. Tambala akaleka, wogulitsa makala akudutsa mumsewu akuitanira. Dzuwa nalo silidikira munthu; mthunzi wa mango umene unali pakhonde m'mawa, pofika masana wasamukira kumpanda, zithunzi n'kusagwirizana.

Koma chimene ndinatola chenicheni chinabwera pamene nthabwala yaleka kundiseketsa. Ukaimva kachisanu sumasekanso, ndiye maso amayamba kuona zina. Ndinaona kuti malume aja akafunsidwa funso sankayankha msanga. Ankayamba ayang'ana chikho, kenako wofunsayo, n'kutsegula pakamwa ngati ayankha, n'kutsekanso, kenako mawu. Kubwereza kulikonse mawu ankasintha, koma kampata kameneko sikankasintha, ngati akuwerenga chamumtima. Ndinaonanso kuti chiseko chathu chinkaphulika osati pa iwo olankhulawo, koma tikayang'ana nkhope ya mkazi amene akumvetsera, m'mene ankakwezera nsidze n'kumanga chitenje mwaukali osanena kanthu. Aphunzitsi athu amanena zomwezi: nthabwala imanenedwa ndi uyu, koma imagwera pankhope ya winayo, ndiye wolumikiza adziwe nthawi yotembenukira kwa womvera.

Kunalinso kujambula kwa mtundu wina, kwa mu holo, gulu likamachita sewero pamaso pa anthu olipira pakhomo makamera ali kumbuyo ndi m'mbali. Ndalama yolowera tinalibe, ndiye tinkafika molawirira n'kuthandiza kunyamula masipika ndi mabenchi, wapakhomo n'kutiiwala dala. Kumeneko lamulo linali losemphana ndi la kubwalo kuja: sekani mmene mungathere. Ndipo anthu a ku Lilongwe saonera sewero mwakachetechete. Mayi wina amakuwa ali kumbuyo, "Akunamatu ameneyo, tamuona ife!" wazisudzo n'kutembenuka, "Mayi, inu ndi mboni kapena ndinu chibwenzi chake?" holo yonse n'kugwa. Apa ndinaona luso lina. Wodziwa ntchito salankhula chiseko chili pamwamba, mawu angatayike. Sadikiranso kuti chithe, moto ungazime. Amalowa chikangoyamba kutsika.

Zojambulidwa mu holozo zikatuluka pa TV zinkaoneka zamdima, mawu akuchita kubwerera kuchokera kumalata, ndipo magetsi akathima pakati pa sewero jenereta inkamveka kuposa anthu. Komabe zinkaseketsa kwambiri kuposa zoyera bwino za kubwalo zija. Ndimakhulupirira kuti chifukwa chake ndi anthu aja. Wazisudzo wopanda omuseka amachita kuyerekeza pomwe chiseko chikanagwera, pamene mu holo amachimva ndi makutu ake.

M'kalasi taphunzira kuti ku America vutoli analipezera njira kalekale. Mu 1951 sewero la I Love Lucy, la Lucille Ball ndi Desi Arnaz, linkajambulidwa ndi makamera atatu nthawi imodzi, pa filimu ya 35mm, anthu oonera ali pomwepo. Katswiri wa kamera Karl Freund anakonza magetsi kuti kamera iliyonse ione bwino popanda kuimitsa sewero. Motero wazisudzo amachita kamodzi, womvera naye nkhope yake yagwidwa nthawi yomweyo, chiseko n'chenicheni. M'zaka zomwezo za m'ma 1950 katswiri wa zamawu Charles Douglass anapanga makina osunga ziseko zojambulidwa kale, zothira pomwe anthu sanaseke mokwanira. Gulu lathu la ku Kawale likanakhala ndi makamera atatu, mayi a kope aja akanapumako.

Makina a Douglass ndiye afika m'manja mwa aliyense tsopano. Anzanga ena akapanga timasewero ta pa Facebook ndi TikTok amakopera chiseko pa intaneti n'kumata pa chiganizo chilichonse. Ine zimandinyansa, ndinene poyera. Chiseko chimenecho si chathu. Mmalawi akaseka amasekera ndi mawu, "Mayo ine nthiti zanga!", "Koma abale inu!", wina kuomba m'manja, wina kumenya mnzake paphewa. Kuika chikhakhali cha azungu pa nkhani ya lendi ya ku Mchesi kuli ngati kuthira shuga mu ndiwo za chisoso.

Pa ntchito ya landilodi ija, pamene panagona nkhani ndi apa. Landilodi akufunsa, "Ndalama zanga zili kuti?" Mnyamata akuti, "Zili m'njira, bwana." Landilodi akusuzumira kumsewu: "Njira iti, ya Mchinji kapena ya Salima?" Ambiri anadula pomwepo n'kuthamangira ku chiganizo chotsatira. Ine ndinatembenukira kwa mnyamata n'kumusiya akumeza malovu, maso akuyendayenda ngati akusankhadi msewu. Timajambula mafulemu, tizithunzi totsatizana topanga kanema, 25 pa sekondi, ndiye ndinamupatsa pafupifupi 40. M'kalasi anaseka.

Aphunzitsi sanakhutire kwenikweni. Akuti ndimalumikiza ngati munthu amene akusiyira malo chiseko cha mu holo, pamene woonera wa lero ali yekha ndi foni m'minibasi, bandulo ikutha, chala chili chire kupita pa vidiyo ina. Akuti ndichotsepo mafulemu 15. Mfundo yawo ndikuimva, ndipo pa za foni akudziwa zambiri kuposa ine. Koma ndinawayankha kuti, "Madamu, kwathu kuno ngakhale foni anthu amaonera atatu, mitu itagundana." Anaseka n'kuti ndibweretse umboni, osati pakamwa.

Ndiye ndalumikiza mitundu iwiri, wautali ndi waufupi. Waufupi nditumiza pa WhatsApp kwa anthu oti aonere payekhapayekha. Wautali ndapempha achimwene ena ometa tsitsi ku Kawale kuti auike pa TV ya mu shopu yawo Loweruka masana, nthawi imene pabenchi pamadzaza. Ndikakhala pakona ndi kope, kulemba pomwe aseka ndi pomwe ayamba kuyang'ana kumbali. Ndinayesanso kufufuza ngati zojambula za gulu lija zilipo kuti ndiyeze kampata ka malume aja ndi mafulemu, koma amene ankanyamula nsungwi uja, yemwe pano ndi bambo wa ana akuluakulu ku Area 25, anandiuza kuti matepi anali odula, ndiye sewero likangoulutsidwa ankajambulapo lina pamwamba.