BP si ya mabwana okha ayi

Kwathu kuno ku Thyolo munthu akangogwa, pakamwa kupindika, dzanja kulefuka, mawu osamveka, choyamba kumva ndi chakuti amuponyera, basi anthu ayambe kufunsana kuti anakangana ndi ndani za malire a munda, mwini wake ali gone pamphasa dzuwa likupita. Imeneyo ndi sitiroko abale, mtsempha wa mu ubongo watsekeka kapena waphulika, pezani galimoto athamangire kuchipatala, kaya pa boma kaya ku Malamulo, osadikira kuche.

Chimandiwawa ine n'choti timaganizabe kuti BP, kuthamanga kwa magazi komwe kumabweretsa sitirokoyi, ndi ya mabwana a mimba zazikulu. Mayi anga aang'ono akalambira m'munda wa tiyi, dengu kumsana, thupi lowonda ngati bango, koma atawayeza ku sikelo ya mdzukulu wawo BP inapezeka itadutsa malire a 140 pa 90 kutalitali, iwo osamva kupweteka paliponse. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu azaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno ali ndi BP, ambiri osadziwa n'komwe.

Ndiye mcherewu, womwe umakweza BP. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati tisapyole magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi kakang'ono, koma ife tithire m'ndiwo, tithire mu chigwada, pakudya tiwazenso, mwana akuona mpaka lilime lake lizolowere. Tikamutuma pa Bvumbwe akagule chipisi cha mafuta akuda aja, nthochi ndi mapeyala tagulitsa zonse kwa a ku Limbe.

Ndipo za ana pali china chomwe ambiri sitichidziwa. Mwana akamadandaula pakhosi thupi likutentha musamangomupatsa panado, pali tizilombo tina tikapanda kuphedwa ndi penisilini mapeto ake timawonongetsa mavavu a mtima, mudzangoona mwana ali ku sekondale akubanika pokwera chitunda, miyendo itatupa. Anyamata a kabaza inu fodya ndi kachasu zikudyerani mitsempha pang'onopang'ono, ndikunena chifukwa ndimakukondani.

Amene munayamba kale mapilitsi chonde musasiye poti mukumva bwino, mayi aang'ono aja anasiyapo ati achira, tinachita kuwanyengerera. Pano amamwa m'mawa uliwonse asanakoleze moto, ndipo tsiku lokatenga ena amapita ndi amuna awo kuti nawonso akayezedwe, pa chipatala cha boma salipiritsa.