Lezala latichotsa pakhonde, latilowetsa m'shopu

Mwezi uno tachoka pa tebulo la pakhonde pomwe tinayambira, talowa m'chipinda chathuchathu ku Limbe, cha mashelefu ndi chitseko chokhoma. Katundu amene watifikitsa pano ndi wamng'ono kuposa zonse zogulitsidwa m'tauni muno, lezala. Anthu amadabwa akamva kuti pali ogula malezala 100, ena 500, nthawi imodzi, mpaka amafunsa ngati akukatsegula okala. Ena mwa iwo ndi ometa anthu, inde. Koma ambiri ndi abambo ometa ndevu zawo zokha kunyumba ndi madzi ofunda, sopo, burashi ndi chometera chachitsulo. Bizinesi yathu yaima pa anthu amenewa, ndipo zomwe amachitazi zili ndi zifukwa zomveka.

Lezala lakuthwa mbali zonse ziwiri silinasinthe msinkhu kwa zaka zambirimbiri. M'litali ndi mamilimita pafupifupi 43, m'lifupi 22, ndipo kuchindikala kwake ndi pafupifupi 0.1. King C. Gillette anayamba kugulitsa zometera zotere ku America mu 1903, ndipo chaka chimenecho anagulitsa zometera 51 ndi malezala 168 basi. Lero mafakitale a ku Japan, Turkey, Egypt, Pakistan, India, Russia ndi Germany onse amadula lezala pa muyezo wofanana. Chometera chimene agogo anu ankasunga m'sutikesi chimalandira lezala lopangidwa chaka chino popanda vuto. Munthu wosunga malezala 300 saopa kuti mawa adzasowa powalowetsa. Wogwiritsa ntchito zometera za mitu yosintha zija alibe mtendere umenewu, chifukwa mutu wa kampani ina sulowa pa chogwirira cha kampani ina, ndipo kapangidwe kakasintha, mitu yakale imangotsala m'kabati.

Tiyeni tiwerengetsere. Lezala labwino limameta kachitatu mpaka kachisanu lisanayambe kukoka. Titenge kanayi. Bambo wometa katatu pa sabata amameta ka 156 pa chaka, ndiye kuti malezala 39. Bokosi la 100 limutengera zaka ziwiri ndi theka. Wometa tsiku lililonse, monga msilikali, wapolisi kapena wa ku banki, amatha malezala pafupifupi 91 pa chaka, ndiye bokosi limodzi limufikitsa chaka china. Wa ku babashopu nkhani yake ndi ina. Iye amathyola lezala pakati lili m'pepala lake, nkuika theka m'chometera chopinda, ndipo theka limenelo ndi la mutu umodzi wokha. Makasitomala 20 pa tsiku ndi malezala 10, choncho bokosi la 100 limatha m'masiku 10 ogwira ntchito. Ameneyu kugula kapaketi ka malezala 5 pa okala tsiku ndi tsiku nkutaya ndalama, chifukwa pa kapaketi kalikonse akulipirira phindu la anthu atatu kapena anayi amene kadutsa m'manja mwawo. Bokosi la 100 limakhala ndi timapaketi 20 ta malezala 5, kapena 10 ta malezala 10, ndipo mtengo wa lezala limodzi umatsika kwambiri ukagula lonse.

Koma mtengo si umene umapangitsa munthu kudzaza kabati. Chachikulu nchakuti malezala sameta mofanana ngakhale amaoneka ofanana. Amasiyana chitsulo, kanoledwe, ndi zimene amakutira m'mphepete mothwamo, kaya ndi platinum, chromium kapena PTFE yoti lezala lizitsetsereka. Feather wa ku Japan ndi wakuthwa koopsa, amadula ndevu zolimba ngati palibe kanthu, koma dzanja lolemera amalilanga pomwepo. Derby wa ku Turkey ndi wofatsa, amayenera oyamba kumene ndi a ndevu zofewa, koma pa ndevu zokhakhala ena amamva kukoka. Astra ali pakatikati, nchifukwa chake ambiri amayambira pamenepo. Palinso Lord ndi Shark a ku Alexandria ku Egypt, Treet wa ku Pakistan, Nacet amene tonse tinakula tikumuona m'magolosale, ndi Minora amene abale athu a ku Joni amamudziwa bwino. Lezala limene mnzanu amalitamanda likhoza kukusiyani inu ndi nkhope yoyaka, ndipo lomwelo mukaliika m'chometera china likhoza kusintha khalidwe, chifukwa zometera zimasiyana kukula kwa mpata wa pakati pa lezala ndi chotchinjiriza.

Kwa ife a ndevu zopotana nkhaniyi ndi yaikulu. Tsitsi lopotana likadulidwa pansi kwambiri limapindika nkubaya khungu pomera, ndipo ndimo mumachokera tiziphuphu ta pakhosi ndi pachibwano tija. Zometera za malezala atatu kapena asanu zimakoka tsitsi kenako nkulidula, moti limabwerera pansi pa khungu. Lezala limodzi lakuthwa, loyendetsedwa motsata kumene ndevu zikulowera, mosakanikiza, pa ngodya ya madigiri pafupifupi 30, limadula pamwamba pa khungu penipeni. Munthu amene wavutika ndi tiziphuphu kwa zaka, akapeza lezala logwirizana ndi nkhope yake, safunanso kuyesayesa. Amafuna lomwelo chaka chino, chaka chamawa ndi chinacho.

Apa ndi pamene mantha amabwera, ndipo ndi mantha oyenera. Mitundu ya malezala imasowa. Fakitale imatsekedwa, ina imasamukira dziko lina, dzina nkukhala lomwelo koma kametedwe nkusintha. Polsilver Super Iridium anali wokondedwa kwambiri pakati pa okonda kumeta kotereku, ndipo atayamba kusowa, amene anali ndi mabokosi anasangalala pomwe ena ankalipira mitengo yokwera pa otsala. Mitundu ingapo yotchuka, monga Astra, Nacet, Perma-Sharp ndi Gillette Silver Blue, yakhala ikupangidwa ku St Petersburg ku Russia, ndipo nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu February 2022, ogula a ku Ulaya ndi ku America anathamangira kusunga poopa kuti njira zitsekeka. Kuno kwathu tili ndi chifukwa china chowonjezera. Mitundu yonse tatchulayi imachokera kunja, imagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene anagula bokosi lake zisanachitike izi anameta pa mtengo wakale kwa zaka ziwiri. Nzeru yake ndi ya mlimi wodzaza nkhokwe nthawi yokolola, kungoti lezala silifumbwa.

Nthawi imeneyo ndi imene bizinesi yathu inatsala pang'ono kugwa. Mpamba umene unkagula makatoni awiri unangokwana imodzi ndi kachidutswa. Tinapita kwa obwereketsa ndalama ena a m'tauni muno, ndipo atamva kuti katundu wathu ndi malezala, anatiuza kuti tibwerenso tikadzayamba bizinesi yeniyeni. Tikukhulupirira kuti uthenga wa shopu yatsopanoyi uwafika. Chopweteka kwambiri chinachokera kwa wopikulitsa wina amene tinkamukhulupirira. Analandira ndalama yonse, natumiza katoni yomata bwino. Mizere ya pamwamba inali ya malezala enieni, koma pansi pake panali achinyengo, ena atagwira kale dzimbiri m'mapepala mwawo. Ometa anthu angapo anabweza mabokosi akuti makasitomala akudandaula kukoka ndi kuchekeka. Aliyense amene anabweza tinamubwezera ndalama yake yonse, katoni ija tinaichotsa pa msika, ndipo phindu la nyengo yonseyo linathera pomwepo. Wopikulitsayo foni yake inasiya kuyankhidwa. Akudzidziwa, ndipo akugulitsabe kwa ena, nchifukwa chake tikukuuzani zoyenera kuyang'ana.

Lezala lachinyengo limadziulula ukalifufuza modekha. Zilembo za pa kapaketi zimakhala zosaoneka bwino, mtundu wake wotuwa kapena wowala mopitirira. Pepala lokutira limakhala lopyapyala ndi lopindidwa mokhota. Dzina lodindidwa pa lezala lenilenilo limakhala lofufutika kapena lopendekera. Chiyeso chachikulu nkuliika m'chometera, kumanga, nkuyang'ana mbali zonse ziwiri pa kuwala. Mbali yothwa iyenera kutuluka mofanana uku ndi uku, ndiponso mowongoka kuchokera kumapeto mpaka kumapeto. Ikatuluka kwambiri mbali imodzi, mabowo a pakati anadulidwa molakwika, ndipo lezala limenelo licheka munthu. Timadontho ta phula timene mumatipeza pa malezala ena tisakudetseni nkhawa, ntchito yake nkugwira lezala kuti lisamagwedere m'pepala nkubuntha lisanagwire ntchito. Masiku ano katoni iliyonse ikafika timaitsegula mpaka pansi, nkutenga timapaketi pamwamba, pakati ndi pansi kuti tiyese tisanaike pa shelefu.

Kusunga kwake nkosavuta, koma pali polakwika pamodzi pomwe ambiri amagwera, kuika bokosi lonse m'bafa. Mdani wa lezala ndi chinyezi. Malezala achitsulo chosachita dzimbiri msanga, amene kampani ya Wilkinson Sword inawatchukitsa mu 1962, amakhala zaka zambiri osasintha ngati ali pouma m'mapepala awo. Achitsulo chakuda chakale chija, monga ena a Treet, amagwira dzimbiri mwachangu, ndiye amenewo musasunge ambiri. M'bafa muzikhala kapaketi kamodzi kokha. Otsalawo alowe m'kontena yapulasitiki yotseka bwino kapena m'botolo lagalasi, pamodzi ndi timatumba toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato, nkuika m'kabati ya kuchipinda, pamwamba pomwe ana safika. Nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka April, ndiyo yoopsa, makamaka kwa a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay. Lembani mwezi ndi chaka pa bokosi, ndipo muziyamba kutha akale.

Lezala lomwe lili m'chometera litsukeni ndi madzi mukamaliza, kunthani madziwo, masulani mutu pang'ono kuti liume. Musalipukute ndi thaulo m'mphepete mothwamo, mumachotsa zokutira zija, komanso mungadzicheke. Kulinola pa galasi kapena pa jinzi sikulibwezera mwakale. Akatswiri a pa yunivesite ya MIT ku America anaonetsa mu 2020 kuti tsitsi, ngakhale ndi lofewa ka 50 poyerekeza ndi chitsulo, limabenthula tizidutswa ting'onoting'ono m'mphepete mwa lezala likamapindika podulidwa. Chobenthuka sichibwerera. Likayamba kukoka, litayeni, ndipo wokhala ndi bokosi lodzaza sazengereza kutaya. Wotsala ndi lezala limodzi ndi amene amalikakamiza mpaka kachisanu ndi chitatu, nkhope nkumalipira. Otha ntchito aziponyedwa m'chitini chotseka chobooledwa kampata pamwamba, osati m'bini momwe ana kapena otola zinyalala angapisemo dzanja. Ndipo lezala silibwerekanidwa, ngakhale pachibale, chifukwa matenda oyenda m'magazi monga a chiwindi a hepatitis B ndi kachilombo ka HIV angadutsire pamenepo.

Tsopano tithokoze, ndipo mutipirire chifukwa oyenera kuthokozedwa ndi ambiri. Amayi a banki m'khonde ya kwathu, inu munatipatsa ngongole pamene a maofesi anatikana, ndipo simunafunse kuti lezala ndi bizinesi yanji. Achimwene athu ometa anthu a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa, munabweza katundu woipa uja mwaulemu, osatinyoza pagulu, kenako munabweranso kudzagula. Zimenezi sitidzaiwala. Madalaivala ndi makondakitala amene mumanyamula timaphukusi tathu kupita ku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu, kafike bwino nthawi zonse. Abale a ku Joni ndi ku Cape Town amene mumatisiyira kampata m'chikwama pobwera kumudzi, Mulungu akuonjezereni. Tikukumbutseni kuti pa ndege malezala otere saloledwa m'chikwama cha m'manja, aziikidwa m'chikwama chachikulu cholowa pansi. Abambo achikulire amene munabwera ndi zometera zanu zakale nkutiphunzitsa kagwiridwe kake, zambiri zomwe talemba panozi zinachokera kwa inu. A kunyumba, amene munalolera kuti kabati ya zovala isanduke nkhokwe ya katundu mvula ikamagwa, zikomo kwambiri. Ndi inu nonse amene munauza mnzanu kuti kuli anthu ogulitsa malezala enieni, shopu iyi mwamanga ndinu.

Kwa amene mukufuna kuyamba, sitikugulitsani bokosi la 100 tsiku loyamba ngakhale mutabwera ndi ndalama m'manja. Takonza kaphukusi koyesera ka mitundu isanu, kapaketi kamodzi pa mtundu uliwonse. Metani ndi mtundu umodzi mpaka malezala awiri kapena atatu athe, osasintha sopo kapena chometera, kenako pitani pa wina. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu nkhope yanu idzakhala itasankha yokha, ndipo pamenepo mudzatenge bokosi, kapena awiri ngati thumba lilola. Tili ndi zometera zachitsulo za zidutswa zitatu, zometera zopinda za ku babashopu, maburashi, sopo wometera ndi mwala wa alum woletsa magazi pochekeka. Ometa anthu otenga mabokosi asanu kapena kuposerapo ali ndi mtengo wawo wapadera, ndipo timawasungira katundu wa mwezi wotsatira akatiuziratu. Kulipira ndi pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena pamanja, ndipo a kutali timatumiza pa basi. Bokosi lililonse mudzalitsegula pamaso pathu musanalipire, ndipo ngati muli ndi chometera chanu, bwerani nacho tidzaikemo lezala muone nokha mmene lakhalira.