Presha ikagwa, ndimayamba ndi nozo

Makina anga otsukira motoka kuno ku Kapata, mu Chipata, akayamba kutulutsa madzi mofooka, anyamata amathamangira kunena kuti pampu yatha. Ine pampu sindiikhudza kaye. Ndimazimitsa makina, kutseka madzi, kenako kukanikiza gani, kamfuti kopopera madzi, mpaka presha yotsala mu hosi ithe. Nozo, kachitsulo kakumapeto kotulukira madzi, ikachotsedwa presha idakali mkati imauluka ngati mwala wa legeni.

Ndikaichotsa ndimailoza kudzuwa. Kabowo kake kamayenera kuoneka koyera. Madzi a m'mijigo ndi a m'madiramu amabwera ndi mchenga, ndipo kamchenga kamodzi kamatha kutseka bowolo, makina n'kumagunda modukizadukiza. Ndimatokosa ndi kawaya kopyapyala, n'kuthira madzi kuchokera kutsogolo kuti zinyalala zibwerere mbuyo. Msomali ayi, umakulitsa bowo. Mchenga womwewo umadyanso chitsulo pang'onopang'ono. Bowo likakula presha imatsika ngakhale pampu ili bwinobwino, ndipo nozo yotere n'njotaya.

Pokagula ina ku Down Shops ndimanyamula yakaleyo m'thumba. Pathupi pake pamakhala manambala, monga 25030: awiri oyambawo ndi madigiri a kutambasuka kwa madzi, otsalawo ndi kukula kwa bowo. Atatu omalizawa ndi amene ambiri sawayang'ana. Bowo likachepa makina amavutika, likakula madzi amangothira ngati a m'dimba.

Mitundu ya nozo ndiyosavuta. Yofiira ndi madigiri 0, yachikasu 15, yobiriwira 25, yoyera 40, yakuda ndi ya sopo. Motoka yobwera ndi matope a msewu wa ku Mfuwe kapena wa ku Lundazi nthawi ya dzinja ndimaiyamba ndi yachikasu kunsi ndi m'mudigadi, thupi lake ndi yobiriwira, magalasi ndi yoyera. Yofiira ndinaitsekera m'bokosi. Imasupula penti, imaboola labala, ndipo phazi la mnyamata wovala patapata imalicheka. Sindiona ntchito yake pa kawashi.

Pamene pamasokoneza anthu ndi polumikizira hosi. Zolumikizira zomanga mozunguliza, zotchedwa M22, zilipo ziwiri, ya mamilimita 14 ndi ya 15, ndipo kunja zimafanana ndendende. Mukalowetsa ya 14 m'bowo la 15 imamangika bwinobwino, koma madzi amangodontha. Ya 15 m'bowo la 14 silowa n'komwe. Wogulitsa akandiuza kuti “zonse n'chimodzimodzi, amdala,” ndimamupempha tiyesere pomwepo pakauntala. Zija zongokankha n'kutsekeka zilinso pawiri: ya 1/4 inchi imagwira nozo kumapeto kwa ndodo ya gani, ya 3/8 imakhala pa hosi. Makina ang'onoang'ono a Karcher ali ndi kalumikizidwe kawokawo, amafuna adaputa. Ndimasankha za brass kapena za stainless steel, chifukwa zachitsulo wamba zimachita dzimbiri n'kukakamira.

Pakadontha pa M22 sindimangirapo thread tape, chifukwa chimene chimatseka madzi pamenepo ndi kalabala kozungulira kamkati, ka O-ring. Ndimakasolola ndi kachitsotso, kuika katsopano, n'kupakapo girisi wa silicone pang'ono, kenako kumanga ndi dzanja lokha. Sipanala imangophwanya kalabalako. Timalabalati ndimagula tambiri nthawi imodzi, tili m'kabotolo pafupi ndi makina.

Chotsiriza ndi kasefa ka polowera madzi, kamene ndimakatsuka m'mawa uliwonse. Ndisanayatse, ndimatsegula madzi ndi kukanikiza gani, nozo ndisanaikepo, kuti mpweya utuluke. Anyamata ndinawaletsanso kusiya makina akulira gani ili pansi, chifukwa madzi ozungulira m'pampu amatentha n'kuwononga masili otseka madzi mkatimo. Zonsezi ndikachita koma presha osabwerera, ndiye ndimaitana makaniko adzaone ma valve.